Amalawi a ku County Meath ku Ireland ndi ntchito zongodzipereka za m'matauni athu

Mayi Nachisale, Navan

Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse a pa gulu lino pamodzi ndi achinyamata. Komiti inakumana Lamulungu lapitali, ndipo inandituma kuti ndibweretse nkhani iyi poyera tisanalembe chilichonse pa ndondomeko ya chaka chino. Monga mukudziwa, gulu lathu limaoneka lamoyo pa nthawi ziwiri zokha, pamene wina watisiya ndipo tikusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, ndi pa 6 Julayi pamene timabwereka holo kuti tikumbukire ufulu wa dziko lathu. Miyezi ina yonseyo aliyense amangodziwa kuntchito ndi kutchalitchi, pomwe m'matauni amene tikukhalamo muli zochitika sabata ndi sabata zoyendetsedwa ndi anthu osalandira malipiro, ndipo ana athu amapindula nazo ife osaikapo dzanja.

Maganizo a komiti ndi awa. Mu Epulo mumakhala ntchito yotola zinyalala ya National Spring Clean, imene bungwe losamalira chilengedwe la An Taisce lakhala likuyendetsa kuyambira 1999. Gulu likalembetsa limapatsidwa majumbo, magolovesi ndi malaya owala aja, kenako khonsolo imadzanyamula zinyalalazo osalipiritsa. Tikufuna tilembetse. Tikufunanso kuti gulu lathu lilowe mu Public Participation Network ya Meath, kumene magulu a m'dera amamva za thandizo la ndalama ndi kusankha owaimira m'makomiti a khonsolo. Ena anenanso zoti tidzaguba nawo pa chikondwerero cha dziko la Ireland cha St Patrick pa 17 Malichi. Tisanatseke nkhani tikupempha kuti aliyense anene zakukhosi.

Bambo Gondwe, Ashbourne

Zikomo amayi potibweretsera nkhaniyi. Ine ndilankhula mosapsatira, ndipo akomiti asandimve molakwa. Ambiri mwa ife timagwira ntchito zosamalira okalamba, za m'mafakitale a nyama ndi za mosungira katundu, ndipo shifiti imodzi imatha maola 12. Munthu akaweruka m'mawa wa Loweruka, thupi limafuna bedi, osati ndodo yotolera mapepala. Lendi ikutimaliza tonse, kumudzi akudikira fizi ndi feteleza, ndiye ola lililonse lopanda malipiro ndi ola limene talanda ana athu. Komanso msonkho amatidula pa malipiro alionse, ndipo khonsolo ili ndi antchito ake osesa misewu. N'chifukwa chiyani ine ndikagwire ulere ntchito imene wina amalandirapo ndalama? Makolo athu anagwira kale thangata m'minda ya atsamunda ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, ndipo sindinakwere ndege kuti ndidzayambirenso zomwezo kuno.

Bambo Mbewe, Trim

A Gondwe, za kutopa ndi za lendi palibe angakutsutseni. Koma za thangata zija ndikana, chifukwa pa thangata munthu ankalima munda wa mwini malo poopa kuthamangitsidwa, pomwe kuno amene ndimagwada nawo m'mphepete mwa msewu ndi eni tauni enieni, aphunzitsi opuma ntchito, eni masitolo ndi alimi a ng'ombe, ndipo amene sanabwere palibe amakamufunsa.

Ndikufuna ndifotokoze za Tidy Towns, mpikisano wa ukhondo ndi kukongola kwa matauni, popeza ndi kumene ndimathandiza. Mpikisanowu unayamba mu 1958, ndipo tauni yoyamba kupambana inali Glenties ya ku County Donegal. Trim yathu ino inapambana matauni onse a m'dziko muno mu 2022, itapambanaponso mu 1972, 1974 ndi 1984, ndipo anthu akuno amanyadira zimenezi pafupifupi mofanana ndi mmene amanyadira linga lakale lija la m'mphepete mwa mtsinje wa Boyne. Oweruza amabwera cha m'Juni kapena m'Julayi osalengeza tsiku, amayenda wapansi m'tinjira tonse, kenako amalemba lipoti limene aliyense angathe kuwerenga, lotchula ngakhale chikwangwani chimene chachita ndere kapena geti lofunika penti. Khonsolo imasesa misewu ikuluikulu ndi kukhuthula mabini, koma singathe kuthirira maluwa opachika madzulo alionse, kapena kuzula ndi kampeni udzu womera m'ming'alu ya simenti. Ntchito zing'onozing'ono zimenezo ndi zimene zimasiyanitsa tauni imodzi ndi inzake.

Chimene chimadabwitsa munthu wochokera kwathu n'chakuti kupala sikupatsa mamalikisi. Kwathu bwalo laukhondo ndi limene lasesedwa mpaka dothi kuwala, koma kuno, chiyambire ndondomeko yoteteza njuchi ya All-Ireland Pollinator Plan mu 2015, malo ena amawasiya dala osatchetcha n'kuzikapo kachikwangwani kojambulidwa njuchi, kuti maluwa achikasu omera okha aja adyetse tizilombo tonyamula mungu. Munthu wakhama wofika ndi chikwanje osafunsa angathe kuluzitsa tauni yonse.

Ntchito yake ndi ya ola limodzi kapena awiri, ndipo m'Juni kumada cha m'ma 10 koloko usiku, kotero wogwira ntchito masana amapezabe mpata. Phindu lake silili m'thumba, koma liripo. Pamene mwana wanga ankafuna ganyu ya pa tchuthi ndipo anamuuza kuti abweretse kalata ya munthu womudziwa, anamulembera ndi mayi wina amene timathirira naye maluwa. Kuno kalata yotere imafunika pofuna nyumba ndi pofuna ntchito, ndipo sangakulembere munthu amene amangokuona ukudutsa pa galimoto.

Mayi Nabanda, Kells

Ndionjezepo pang'ono pa mawu a bambo Mbewe. Tisamalankhule ngati kudzipereka tikukuphunzira kwa azungu. Adzukulu amakumba manda osalipidwa, amayi amaphika pa siwa usiku wonse, ndipo sukulu zambiri za kumudzi zinamangidwa ndi njerwa zimene makolo anaumba okha. Chimene chimatinyansa ndi ntchito yolamulidwa kuchokera kumwamba. Amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikukumbukira sabata ya achinyamata, imene unkagwira ufune usafune. Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa tsiku losesa Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, akuluakulu anatuluka ndi matsache pamaso pa makamera, koma m'madera ambiri changu chake chinazilala msanga chifukwa panalibe kagulu ka pamalopo koti kanene kuti msewu uwu ndi wathu. Za kuno zapirira zaka zonsezi chifukwa komiti yake ndi ya anthu a m'tauni momwemo, ndipo akatopa ena amalowa ena. Choncho funso langa si lakuti tidzipereke kapena ayi, koma lakuti tipitiriza kudzipereka kwa Amalawi anzathu okha mpaka liti, pomwe ana athu akukulira kuno.

Chikondi, Dunboyne

Ndikupempha akuluakulu mundilole ndilankhulepo monga mmodzi wa ana amene azakhali a Nabanda akuwanenawo. Ndinalowa kalabu ya kwathu kuno ya GAA, bungwe la masewero achikhalidwe a ku Ireland monga mpira wa Gaelic, ndili ku pulayimale, ndipo pano ndimathandiza kuphunzitsa atsikana aang'ono.

Amalume a Gondwe, bungwe la GAA linakhazikitsidwa ku Thurles mu 1884, ndipo mpaka lero osewera ake salandira malipiro, ngakhale amene amasewera pa bwalo lalikulu la Croke Park ku Dublin pamaso pa anthu 82,300. Atsikana a Meath atagonjetsa Dublin mu 2021 ndi Kerry mu 2022 n'kutenga chikho cha dziko lonse, anabwerera ku ntchito zawo ndi ku makalasi awo ngati wina aliyense. Abambo a Meath anatenga chikho cha dziko lonse komaliza mu 1999 motsogoleredwa ndi Seán Boylan, ndipo akuluakulu a kuno amaikambabe nkhaniyo ngati yachitika dzulo. Ngati osewera a pamwamba salipidwa, mungaganizire nokha za kalabu ya m'parishi. Wojambula mizere pa bwalo, wochapa majezi, woyendetsa ana kupita ku masewero a kutali, wogulitsa matikiti a lotale ya kalabu, wofulula tiyi masewero akatha, onsewo ndi makolo. Ngakhale abambo ovala makhoti oyera amene amaima pambali pa golo, okweza mbendera yobiriwira mpira ukalowa mu ukonde ndi yoyera ukadutsa pamwamba pa mtanda, ndi anthu ongopemphedwa.

Ndinena chinthu chimene mwina sichikoma kumva. Makolo athu ambiri amatsitsa mwana pa geti n'kubwerera, ndipo amadzamutenga osatsika m'galimoto. Anthu sanena kanthu, koma amaona, ndipo mwanayo amaonanso kuti anzake onse ali ndi wina woima pa mzere kupatula iye. Sikofunika kudziwa malamulo a masewerowa kuti muthandize. Kuyambira mu Febuluwale 2024 mabotolo a pulasitiki ndi zitini za zakumwa zimabwezedwa pa masenti 15 kapena 25 malinga ndi kukula kwake, ndipo makalabu ambiri amatolera zimenezi kuti agulire mipira. Munthu wotopa ndi shifiti angathe kunyamula thumba la mabotolo kupita nalo ku makina a ku sitolo popanda kutuluka thukuta.

Bambo Zulu, Navan

Ine mlamu wanu wa ku Chipata ndili ndi funso. Pamene ndinadzipereka kuti ndizithandiza timu ya mwana wanga, anandipatsa fomu yoti apolisi andifufuze. Ndinaiika m'kabati ndipo ikadali momwemo, chifukwa sindinamvetse kuti ndalakwanji kuti dzina langa lipite ku polisi. Alipo angatifotokozere bwino?

Mayi Nabanda, Kells

Alamu, itulutseni fomuyo m'kabati, palibe amene akukukayikirani. Lamulo la National Vetting Bureau (nthambi ya polisi yofufuza mbiri ya anthu), limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, limakakamiza bungwe lililonse kuti lifufuzitse munthu amene azigwira ntchito ndi ana kapena akuluakulu osatha kudziteteza, kaya ndi wolipidwa kaya ndi wongodzipereka, kaya anabadwira ku Navan kaya ku Chipata. Ife a ntchito zosamalira okalamba tonse tinadutsamo. Simupita nokha ku polisi. Mumasaina fomu ya kalabu ndi kuonetsa chiphaso ndi umboni wa kumene mukukhala, kenako mumalandira uthenga pa imelo wokutsogolerani ku fomu ya pa intaneti, imene muyenera kudzaza masiku 30 asanathe, apo ayi zonse zimayambiranso.

Pamene ambiri a ife timakakamira ndi pa maadiresi, chifukwa amafuna malo onse amene munakhalako chibadwire, kuphatikizapo a kunja kwa Ireland. Kwa ife okulira kumudzi kopanda nambala ya nyumba, lembani mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, pamodzi ndi zaka zake, ndipo musasiye mpata pakati pa zakazo. Dziwaninso kuti chikalata cha kuntchito kwanu sichigwira ntchito ku kalabu, bungwe lililonse limafunsa lokha, ndipo zimenezi zimatopetsa ngakhale eni dziko. A zamasewero amafunanso kuti muchite kosi ya maola 3 ya kateteze ka ana yotchedwa Safeguarding 1, imene a Meath Local Sports Partnership amakonza kawirikawiri. Koma ntchito zosakhudza ana, monga kutola zinyalala kapena kubzala mitengo, sizifuna zonsezi. Amene sakudziwa poyambira apite ku Meath Volunteer Centre, amakhala ndi mndandanda wa mabungwe amene akusowa anthu ndipo amakufunsani nthawi imene muli nayo.

Mayi Nangondo, Navan

Kwa amene akufuna kanthu kosafuna lonjezo la sabata iliyonse, ine ndinganene za parkrun. Ndi mtunda wa makilomita 5 umene anthu amathamanga kapena kungoyenda Loweruka lililonse nthawi ya 9:30 m'mawa, ndipo salipiritsa. Zinayambira ku Bushy Park ku London mu 2004, zinafika kuno ku Ireland mu 2012 poyambira ku Malahide, ndipo ya ku Navan imachitikira ku Blackwater Park. Mumalembetsa kamodzi kokha pa intaneti n'kulandira nambala yanu. Mukamaliza mtunda amakupatsani kapulasitiki kosonyeza kuti mwafika wachingati, wina amakawerenga ndi foni pamodzi ndi nambala yanu, ndipo masana mumalandira nthawi yanu pa imelo. Onse ogwira zimenezi ndi mavolontiya, ndipo pamakhala mmodzi amene ntchito yake ndi kuyenda kumbuyo kwa onse kuti pasapezeke womaliza wochita manyazi.

Ine adokotala atandiuza kuti BP yakwera ndinayamba kuyenda nawo, ndipo masabata amene mawondo akuvuta ndimavala malaya owala n'kukaima pa mphambano kulozera anthu njira. Pofika 10:30 ndimakhala ndili kunyumba. M'nyengo yozizira, pamene dzuwa limalowa 4 koloko itangokwana ndipo ambiri a ife timangodzitsekera m'nyumba mpaka maganizo kuchuluka, ola limodzi limeneli limathandiza kwambiri. Lamulungu kumakhalanso ya ana a zaka 4 mpaka 14 ya makilomita 2 m'malo ena, ngakhale kwa ife imawombana ndi mapemphero.

Bambo Gondwe, Ashbourne

Ndamva zonsezi, ndipo Chikondi walankhula bwino, mwana wathu. Koma mukunena ngati zitseko zonse n'zotsekula. Ine ndinapitapo ku msonkhano wa anthu a m'dera limene ndimakhala. Anandilandira ndi ulemu, anandipatsa tiyi, kenako anayamba kukamba za anthu amene sindiwadziwa ndi mikangano ya zaka zimene ndisanabwere, ndipo nditanena maganizo anga pa za malo oseweretsera ana, wapampando anathokoza n'kupitiriza ngati sindinalankhule. Pomaliza anandipempha kuti ndithandize kusanja mipando. Ngati kudzipereka kwathu ndi konyamula mipando ndi kujambulidwa chithunzi chosonyeza kuti m'tauni muli anthu a mitundu yonse, pomwe zosankha zimapangidwa ndi mabanja omwe aja, ndiye kuti mawu anga oyamba aja sanapite patali.

Bambo Mbewe, Trim

Zimenezo n'zoona, achimwene, ndipo zimachitika. M'makomiti ambiri muli anthu amene anaphunzira kalasi imodzi ndipo agogo awo agona manda amodzi, kotero ngakhale munthu wochokera ku Dublin amatchedwa wobwera kwa zaka zambiri. Chimene ndaona ine n'chakuti mawu a munthu amayamba kulemera akamuona mvula ikugwa, osati tsiku la chithunzi lokha. Ndipo sizithera pa mipando. Yemi Adenuga, wobadwira ku Nigeria, anasankhidwa kukhala khansala wa dera la Navan mu 2019, ndipo anali mayi woyamba wakuda kukhala khansala m'dziko muno. Pa zisankho za makhonsolo aliyense wokhala kuno wa zaka 18 kapena kuposerapo ali ndi ufulu wovota, posatengera pasipoti imene ali nayo, bola akhale m'kaundula wa ovota. Khonsolo ya Meath ili ndi makhansala 40 oimira anthu oposa 220,000, ndipo m'madera ena mpando womaliza umapita ndi mavoti ochepa kwambiri. Ndikanakonda kudziwa kuti pa gulu lino ndi angati anavota mu Juni 2024. Amene akufuna malo oseweretsera ana adziwe kuti khansala amayankha msanga foni ya munthu amene ali m'kaundula.

Bambo Kamanga, msungichuma

Ine ndilankhula za mapepala, popeza ndi kumene maganizo abwino ambiri amafera. Kuti tilowe mu Public Participation Network afuna kuona kuti gulu lathu lili ndi malamulo olembedwa, komiti yosankhidwa, ndiponso kuti si la chipani cha ndale. Kuti tipemphe thandizo la ndalama ku khonsolo afuna akaunti ya m'dzina la gulu. Pakali pano ndalama za maliro zimadutsa mu akaunti yanga, ndipo ndakhala ndikunena kuti zimenezi sizabwino kwa ine kapena kwa inu. Ndikupempha kuti titsekule akaunti ku credit union (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, longa SACCO) yokhala ndi osaina awiri kapena atatu, ndipo ndalama za maliro zisamasakanizidwe ndi za zochitika.

Nkhani ina ndi inshuwalansi. Eni maholo ambiri ndi okonza zikondwerero amafuna umboni woti gulu lili ndi inshuwalansi yolipira munthu akavulala pa zochitika zathu. Chaka chatha tinadutsira pa inshuwalansi ya mpingo wina umene unatikomera mtima, koma sitingamachite zimenezo chaka ndi chaka. Za 17 Malichi ine ndikuona kuti nthawi yatithera kale, pokhapokha titaguba pansi pa gulu lina limene linalembetsa. Ndikanakonda tiike mphamvu pa Africa Day ya pa 25 Meyi, tsiku limene bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa linakhazikitsidwa mu 1963, chifukwa makhonsolo amalandira thandizo kuchokera ku Irish Aid, nthambi ya boma la Ireland yothandiza maiko ena, lokonzera zochitika za tsikuli ndipo amafunafuna magulu oti agwire nawo ntchito.

Agogo Naphiri, Laytown

Ana anga, ine mawondo anatha, zotola zinyalala mundikhululukire. Koma za kuvina ndili ndi mawu. Ngati tikavine chimtali kapena chisamba pagulu, tikonzekere mokwanira, nsalu zikhale zofanana ndipo ng'oma ikhale yeniyeni, osati nyimbo za pa foni zolumikiza ku sipika. Gule wamkulu yekha musayerekeze, ameneyo ali ndi eni ake ndi malo ake. Ndinganenenso kuti mwaiwala kunyanja. Gombe la kuno ku Laytown ndi Bettystown lili mu Meath momwe muno, ndi pomwe mahatchi amathamanga pa mchenga chaka chilichonse madzi akaphwa, ndipo mphepo ikaomba mapulasitiki amadzaza. Ngati mukusankha malo otola zinyalala mu Epulo, bwerani kuno, ana adzasewera pa mchenga, ndipo ine ndidzaphika tiyi ndi mandasi kunyumba kwanga.

Mayi Nachisale, Navan

Agogo, tavomera ndi manja awiri, ndipo ndilembetsa gulu ku An Taisce sabata ino ndi dzina la gombe lanulo. Tisankha Loweruka limene madzi adzakhale ataphwa masana, kuti a shifiti ya usiku adzayambe agona. A Kamanga, lembani malamulo a gulu mwachidule muwatumize kuno Lamulungu lisanafike kuti aliyense awerenge. Za 17 Malichi tazisiya chaka chino.

Bambo Gondwe, Ashbourne

Ku gombe ndibwera ndi galimoto, ndipo muli malo a anthu anayi ochokera mbali ya Ashbourne ndi Ratoath. Koma pa malamulo amene a Kamanga alembewo pakhale ndime yonena kuti wosabwera ku ntchito zimenezi sadzalipitsidwa chindapusa, ndiponso sadzachotsedwa pa thumba la maliro.

Chikondi, Dunboyne

Ine ndilembera kalata likulu la khonsolo ku Buvinda House ku Navan kufunsa za Africa Day ndi tsiku lomaliza kulandira mafomu. Ndikufunsanso ngati alipo amene ali ndi ng'oma kuno ku Meath, chifukwa imene tinabwereka pa 6 Julayi inali ya anzathu a ku Dublin ndipo chikopa chake chinali chitayamba kung'ambika.